NGONGOLE YATHA: KHOMO TILITSEKE KAPENA TILISIYE LOTSEGULA?

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale a sukulu yathu, yemwe tsopano akugwira ntchito m'boma, adalankhula pa msonkhano wa bungwe lathu ku Mbayani. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira kuti nawonso amene sadathe kubwera amve.



Ndiyambe ndi kuthokoza komiti pondipatsa mpata uwu. Ndikudziwa kuti mutamva zoti ndilankhula za ndalama, ena mwabwera ndi chiyembekezo chomva za kapezedwe kake. Pepani, za kapezedwe ndisiyira anzathu a bizinesi amene ali muno. Ine ndine wa m'boma. Ndalama zanga zimabwera kamodzi pa mwezi, ndipo alandilodi, a pagolosale ndi abale a kumudzi amadziwa tsiku lake kuposa ine mwini. Nkhani yanga ndi ya tsiku limodzi lokha pa moyo wa munthu wa pantchito, tsiku limene wamaliza kubweza ngongole.

Tsikuli timaliona ngati lopumira. Munthu wadulidwa ndalama miyezi 24 kapena 36, wadya zosakoma, tsopano peyisilipi yabwera yoyera. Koma mwa zaka zimene ndagwira ntchito m'boma, ndaona kuti anthu ambiri ophunzira bwino amagwa pa tsiku lomweli. Pobweza amalimbikira ndithu. Chimene sachiganizira ndi chakuti ngongole ikatha, khomo limene idalowera limatsala lotsegula. Ndiye funso langa masana ano ndi ili: mukamaliza kubweza, khomolo mulitseke kapena mulisiye?

Ndifotokoze kaye khomo limene ndikunenali. Khadi limene ambiri tili nalo m'thumba ndi lotapira ndalama zathu zomwe pa makina a ATM. Zikatha, makina amatikana, basi. Koma pali khadi lina limene kubanki amalitcha credit card, ife tingati khadi la ngongole. Maonekedwe ake ndi omwewo, koma ndalama zake ndi za banki. Amakuikirani malire, tinene K1,000,000, ndipo mumagula kapena kutapa mpaka pamenepo. Mukabweza, malire aja amadzazanso okha, osalembanso fomu, osaonananso ndi munthu. Kuno kwathu makhadi otere ali ndi anthu owerengeka, ndipo ndikudziwa kuti muno alipo ochepa amene ali nawo. Komatu enanu musagone, chifukwa khomo lomweli lili ndi mayina ena. Kubanki kuli overdraft, imene imakulolani kutapa kupyola ndalama zanu. Kumakampani obwereketsa ndalama ogwira ntchito m'boma kuli top-up, ngongole yatsopano imene amakupatsani yakale isadathe kapena itangotha. Pa lamya zathu pali ngongole zongodina manambala. Ndipo kuno ku Mbayani tidakula tikudziwa kabuku ka kugolosale, kamene amayi athu ankalembetsamo sopo, shuga ndi parafini mpaka bambo alandire.

Kabuku kaja kadali ndi ubwino umodzi. Mwini golosale ankakudziwani nkhope, ankadziwanso kumene bambo anu amagwira ntchito, ndipo tsamba likadzaza ankanena kuti, "Mayi, lero ayi." Manyazi ankatiteteza. Khadi silinena kuti lero ayi kufikira mutafika pa malire, ndipo mukaonetsa kuti mumabweza bwino, malire aja amawakweza.

Chinthuchi chidayambira ku America. Mu 1950 ku New York kudatuluka khadi la Diners Club, lolipirira chakudya m'malesitilanti. Mu 1958 Bank of America idatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mu mzinda wa Fresno ku California, anthu oti sadapemphe n'komwe. Adangodzuka n'kupeza ngongole yawadikirira m'bokosi la makalata. Ambiri adalephera kubweza ndipo poyamba banki idataya ndalama zochuluka, koma siidabwerere m'mbuyo chifukwa idaona kumene phindu lidzachokere. Khadi lomwelo ndi limene mu 1976 lidapatsidwa dzina loti Visa, dzina limene lalembedwa pa makhadi ambiri amene ali m'matumba mwathu muno. Mbiri imeneyi ndaitchula pa chifukwa chimodzi. Kuyambira pachiyambi, wobwereketsa ndiye amagogoda pakhomo pa wobwereka.

Zimenezi ndidaziona ndekha. Nditamaliza kubweza ngongole imene ndidagulira malata, sabata siidathe ndidalandira lamya. Mtsikana waulemu kwambiri adandiyamikira kuti ndine kasitomala wokhulupirika, nandiuza kuti tsopano ndikuyenera kutenga ndalama zochuluka kawiri kuposa poyamba, ndipo zikhoza kulowa tsiku lomwelo. Ndidamuthokoza n'kukana. Mtsikanayo sadalakwe, amagwira ntchito yake. Kwa iwo munthu amene wamaliza kubweza ndiye kasitomala wabwino koposa, chifukwa watsimikiza kuti amabweza, ndiponso pa malipiro ake patsala malo odulapo. Malo amenewo akuwadziwa mpaka tambala yomaliza.

Tsono ena mwa achinyamata athu amene angoyamba ntchito andiuzapo kuti adamva akatswiri a zachuma akunena kuti khadi la ngongole salitseka, chifukwa ukalitseka mbiri yako imaonongeka. Malangizo amenewa si abodza, koma ali ndi kwawo. Ku America munthu aliyense wobwereka amapatsidwa malikisi, monga momwe aphunzitsi athu ankachitira nafe. Njira yotchuka ndi ya kampani ya Fair Isaac, yotchedwa FICO, imene idayamba mu 1989, ndipo malikisi ake amayambira pa 300 kulekeza 850. Mwa zinthu zimene amawerengera, china ndi kutalika kwa nthawi imene mwakhala ndi makhadi anu, china ndi gawo la malire anu limene mwagwiritsa ntchito. Tinene munthu ali ndi makhadi awiri, lililonse malire ake madola 1,000, ndipo ngongole yake yonse ndi madola 500. Ameneyo wagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo anayi. Akatseka khadi limodzi lopanda ngongole, ngongole yake ndi yomweyo koma tsopano yakhala theka la malire ake, ndipo malikisi ake akhoza kutsika. Kumeneko malikisi otsika amakweza chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba, ndipo ngakhale eni nyumba za lendi amawayang'ana. Komanso makhadi ambiri a kumeneko salipiritsa kanthu pa chaka, kotero kulisunga m'kabati sikudya ndalama.

Kuno kwathu zinthu zili ndi kayendedwe kake. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mabungwe osunga mbiri ya obwereka ndalama, ndipo limodzi mwa mabungwe otere ndi Credit Data CRB. Mu 2017 tidalembetsa ziphaso za unzika, ndipo kuyambira pamenepo n'kovuta kuti munthu athawe ngongole ku banki ina n'kukabwereka ku banki ina ngati mlendo. Choncho mbiri ilipo ndipo tiyenera kuisamala. Koma aliyense amene adakhalapo pampando wopempha ngongole kuno akudziwa zimene amafunsa: peyisilipi, kalata ya kuntchito, mmene ndalama zakhala zikulowera ndi kutuluka mu akaunti, chikole ngati ngongoleyo ndi yaikulu, ndiponso ngati mudathawapo ngongole kwina. Chimene chimaipitsa dzina la munthu ndi kusabweza. Kutseka khadi limene mwamaliza kulipira sikufafaniza mbiri yoti mudabweza. Tisatenge mankhwala a matenda a ku America kumwera matenda a pa Mbayani.

Tsopano tiwerengere mtengo wosiya khomo lotsegula. Aphunzitsi athu a masamu ali pomwepa, andikonza ndikaphonya.

Choyamba, makhadi ndi ma overdraft amakhala ndi ndalama zolipira pa mwezi kapena pa chaka ngakhale simudagwiritse ntchito. Kafunseni ku banki yanu kuti ndi zingati, ndipo akulembereni. Chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa K26 pa K100 iliyonse pa chaka. Mabanki amene timapitako amaonjezera pawo pamwamba pa muyeso umene amagwiritsa ntchito, ndipo ngongole yopanda chikole ndiyo imakhala yodula koposa. Tiyeni tingoyerekeza kuti khadi lanu limadula K3 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndipo mwagwiritsa ntchito K500,000. Mwezi woyamba chiwongoladzanja chokha ndi K15,000. Mukamabweza K25,000 pa mwezi, mumadziona ngati munthu wosunga pangano, koma pa ndalama imeneyo K10,000 yokha ndiyo yachepetsa ngongole. Mukapitiriza choncho, osagulanso kanthu kena ndi khadilo, mudzamaliza patatha miyezi 31, mutapereka pafupifupi K775,000. Ndiye kuti K275,000 yapita osagula ngakhale thumba limodzi la simenti. Ndipo ndani mwa ife angakhale miyezi 31 khadi lili m'thumba osaligwiritsa ntchito?

Pali njira imodzi yokha imene khadi la ngongole silikudyerani, ndiyo kubweza zonse zimene mwagula tsiku loikika lisadakwane, mwezi uliwonse. Makhadi ambiri salipiritsa chiwongoladzanja pa katundu wogulidwa ngati mwatero. Koma kutapa ndalama pa makina ndi khadi lotere nthawi zambiri kumayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo. Ndipo ife pa Mbayani, pamsika, m'minibasi ndi kwa a kabaza, timafuna ndalama ya m'manja. Ndiye kuti njira imene tingaligwiritsire ntchito kawirikawiri ndiyo yodula kwambiri.

Chinanso ndi zinthu zolipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja zimene anthu amamangirira ku khadi n'kuziiwala. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse. Mu Novembala 2023 idagwanso, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene ankalipira madola 100 pa mwezi adagona akulipira K118,000, nadzuka akulipira K170,000, malipiro ake ali pomwepo.

Mtengo wina sulembedwa pa pepala la banki, koma tonse muno tikuudziwa. Mwana wa pa Mbayani amene adafika ku Chancellor College kapena ku Polytechnic n'kupeza ntchito amasanduka banki ya mtundu wonse. Sindikudandaula ayi. Ambiri a ife tidaphunzira ndi ndalama za amalume, za achemwali ogulitsa mandasi, ndipo kubweza ufulu umenewo ndi ulemu wathu. Koma taganizani. Mbale akabwera ndi vuto, inu mulibe ndalama, mumatha kunena ndi mtima woyera kuti, "Achimwene, pakadali pano ndilibe, tidikire mwezi uthe." Pamene muli ndi khadi la malire a K1,000,000 m'thumba, mawu amenewo amakhala ngati bodza. Chikumbumtima chimakuuzani kuti ndalama zilipo. Mumatapa, mbale amapita akuthokoza, ndipo chiwongoladzanja chimatsala ndi inu nokha. Mnzanga wina wa kuntchito, munthu wosamwa mowa, wosayenda njira zokhota, adafika polandira ndalama zosakwanira lendi, chifukwa cha chifundo chokhachokha chothandizira abale ndi ndalama zobwereka. Pomaliza abale omwewo adasowa wowathandiza, pakuti iye adali atauma.

Tsono ndisakhale ngati wansanje amene amangoona zoipa. Amene amati khomo likhale lotsegula ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Mavuto sagogoda. Mwana wadwala pakati pa usiku, pakufunika galimoto yopita ku Gulupu ndi mankhwala okagula. Kwagwa zovuta, thupi liyenera kupita ku Mulanje kapena ku Ntcheu, pakufunika bokosi, mafuta ndi ufa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambiri muno mu Blantyre, ndipo anthu adataya m'maola ochepa zimene adasonkhanitsa zaka zambiri. Pa nthawi zotere munthu wopanda pogwira amathamangira kwa a katapila, ndipo mukudziwa nokha kuti kumeneko K20,000 imabwerera ili K30,000 mwezi ukatha, ena amakulandani khadi la ATM ndi nambala yake yomwe. Poyerekeza ndi katapila, khadi la ku banki ndi lachifundo. Munthu amene watseka khadi lero n'kukagwada kwa katapila mawa sadapindule kanthu.

Mfundoyi ndikuivomera. Koma ikutiuza chiyani? Ikutiuza kuti munthu amafunika pothawira. Funso ndi lakuti pothawirapo pakhale pa ndani. Malire a pa khadi si ndalama zanu. Banki ikhoza kuwatsitsa kapena kuwachotsa, makamaka ikaona kuti ntchito yatha kapena malipiro asiya kulowa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene mumawafuna koposa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. K300,000 imene mwasunga nokha imaposa K1,000,000 imene munthu wina walonjeza kukubwerekani.

Mfundo ina imene ndimaimva kwa anzanga ophunzira zachuma ndi yakuti m'dziko limene mitengo ya zinthu ikukwera msanga, wosunga ndalama ndiye amaluza, wobwereka amapindula. Mu 2024 mitengo idakwera ndi ndalama zoposa K30 pa K100 iliyonse pa chaka. Ife amene tidali ana a sukulu mu 1994, chaka chimene kwacha idasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake, tikukumbukira mmene makolo athu ankadabwira ndi mitengo ya m'sitolo. Ndiye iwo amati, bwereka lero ugule, udzabweza ndi kwacha yopepuka. Pali choonadi pamenepa ngati mwabwereka kugulira poloti, malata kapena makina osokera, zinthu zimene mtengo wake umakwera kapena zimabala ndalama. Koma pali zinthu ziwiri zimene amaziiwala. Kwacha yopepukayo imakupepukirani pokhapokha malipiro anu akamakwera mofanana ndi mitengo, ndipo ife a m'boma tikudziwa kuti malipiro amabwera pambuyo, akupuma wefuwefu. Komanso khadi ndi overdraft sizigula poloti. Zimagula ndiwo za pa 20, mafuta a galimoto, mphatso ya ku ukwati. Zinthu zimenezo zimatha sabata yomweyo, ngongole n'kutsala. Ngati mukufuna kubwereka kuti mumange, kapempheni ngongole ya chinthu chimenecho, yokhala ndi tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Ngongole yopanda tsiku lomaliza ndiyo ndikuiopa.

Ndiye maganizo anga ndi awa, Bambo Wapampando. Top-up ya munthu amene alibe chinthu chenicheni chimene adakonzeratu kugula, ikaneni. Ngati maganizo obwereka abwera chifukwa cha lamya imene mwalandira, si maganizo anu. Overdraft imene mumalowamo mwezi uliwonse, mukangoitseka ndi malipiro, pemphani kuti aichotse, chifukwa imakuchititsani kudya malipiro a mwezi wa mawa. Khadi la ngongole, kwa ambiri a ife, litsekeni.

Ndikupatula anthu a mitundu iwiri. Oyamba ndi amene ntchito kapena bizinesi yawo imawayendetsa kunja, ku Johannesburg, ku Lusaka, ku Dar es Salaam, kumene mahotela ena ndi obwereketsa galimoto amafuna khadi lotere, ndipo amabweza zonse mwezi uliwonse. Achiwiri ndi amene amaliza kubweza koma alibe kalikonse kosunga. Amenewa asathamange. Apemphe banki itsitse malire kufika pa ndalama imene angathe kubweza ndi malipiro a mwezi umodzi, khadilo lizikhala kunyumba osati m'thumba, ndipo aikiretu tsiku lodzalitseka, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, pamene akusonkhanitsa zawo.

Aliyense amaganiza kuti ali m'gulu loyamba lija. Mayeso ake ndi osavuta, ndipo simungabere. Tengani mapepala a banki a miyezi 12 yapitayi. Werengani miyezi imene mudabweza zonse. Kenaka onani zimene mudagula. Ngati miyezi yobweza zonse siikwana 12, kapena ngati mukupeza ndiwo, mowa ndi mayunitsi pa mndandandawo, mwadziyankha nokha. Ndipo mayesowa muchite pamodzi ndi akunyumba kwanu. Ngongole imene mayi kapena bambo wa m'nyumba saidziwa imadzaululika pa nthawi yoipa, kawirikawiri pa maliro, anthu akuwerengera za chuma cha masiye.

Kutseka nakonso kuli ndi njira yake. Kudula khadi ndi lumo si kutseka ayi; akaunti imakhala ilipobe ndipo ndalama za pa chaka zimapitiriza kuwerengedwa, mpaka munthu n'kudzapezeka ndi mbiri yoipa chifukwa cha ngongole imene sankaidziwa. Yambani ndi kufunsa ndalama yeniyeni yotsekera pa tsikulo, chifukwa chiwongoladzanja cha masiku omaliza chimabwera mochedwa. Chotsani zonse zolipira mwezi ndi mwezi zimene mudamangirira ku khadilo. Lembani kalata yopempha kutseka, ndipo pa kope lanu adindepo chidindo. Pemphani kalata yotsimikiza kuti mulibenso ngongole, ndipo muisunge pamodzi ndi satifiketi yanu ya sukulu. Ngati ngongoleyo inkadulidwa pa malipiro, yang'anani peyisilipi ya miyezi itatu yotsatira, pakuti zimachitika kuti kudula kumapitirira ngongole itatha, ndipo ndalama yodulidwa molakwika imavuta kubwerera. Ngati mudapereka chikole, pepala la poloti kapena buku la galimoto, katengeni. Patapita miyezi ingapo, kapempheni kuona mbiri yanu ku bungwe losunga mbiri ya obwereka kuti mutsimikize kuti yalembedwa bwino. Mukaona kuti simukuthandizidwa, dziwani kuti pansi pa lamulo la 2010 loyendetsa mabungwe a zachuma, Gavanala wa Reserve Bank ndiye woyang'anira mabungwe onsewa, ndipo madandaulo amafika ku ofesi yake mutayamba mwadandaula kwa amene adakubwerekaniwo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuchiona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi. Tinene ankakudulani K60,000 pa mwezi. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu banja lanu lakhala likudya, ana akupita kusukulu, lendi ikulipidwa, popanda K60,000 imeneyo. Mwaphunzira kale kukhala popanda iyo, ndipo phunziro limenelo mwalilipira modula. Mwezi woyamba ikangolowa m'thumba n'kusakanikirana ndi zina, mwezi wachitatu simudzadziwa kumene ikupita, ndipo mudzalumbira kuti simungakhale popanda iyo. Pa chifukwa chimenechi, tsiku lomwelo limene mukukatseka ngongole, lamulani banki kuti izidula ndalama yomweyo, pa tsiku lomwelo la mwezi, kupita ku malo anu osungira. Pa miyezi 12 ndi K720,000. Ndalama imeneyo wina adzaitenga ndithu, kaya wobwereketsa, kaya msika, kaya inu. Amene wayamba kulemba fomu ndiye mwini wake.

Musunge kuti? Gawo loyamba, lokwana lendi ndi chakudya cha mwezi umodzi kapena iwiri, likhale pamalo potapika msanga koma posiyana ndi akaunti ya malipiro. N'zoona kuti kukwera kwa mitengo kudzalidya pang'ono, koma kudya kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kwa katapila. Zotsalazo, ganizirani za SACCO. Mabungwe amenewa si achilendo kuno. Bungwe lawo lalikulu la MUSCCO lidakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuchokera pa lamulo la 2011 amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Ku SACCO ndinu mwini wake, phindu likapezeka mumagawana, ndipo mukafuna kubwereka amayang'ana zimene mwasunga. Onetsetsani kuti ili ndi chiphaso ndipo muzipita ku misonkhano yake ya pachaka kukamva malipoti. Banki m'khonde nayo yathandiza amayi ambiri m'makwalala athu ano. Njirayi idayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE. Koma chenjerani ndi magulu amene amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti chiwongoladzanja chichuluke, chifukwa pamenepo mwatseka khomo lina n'kutsegula lina. Ena amasunga m'zinthu: matumba a chimanga nthawi yokolola, simenti ndi malata pang'onopang'ono, fizi ya mwana kulipiriratu teremu isadayambe. Zonsezi ndi nzeru, malinga thumba la mwadzidzidzi lija lilipo.

Ndimalize ndi pempho kwa ife akuluakulu. M'bungwe lathu muli achinyamata amene angolandira kalata ya ntchito, aphunzitsi, anamwino, apolisi, alembi. Peyisilipi yawo yoyamba isadafike, obwereketsa amakhala atawapeza kale. Kusukulu tidaphunzira kuwerengera chiwongoladzanja pa bolodi, koma palibe adatiuza kuti tsiku lina funso lomwelo lidzabwera pa lamya, mwaulemu, likutitchula dzina. Aliyense wa ife atengeko wachinyamata mmodzi, akhale naye pansi ndi pepala ndi pensulo, awerengere limodzi monga tachitira pano. Ndipo inu amene ngongole yanu ikutha chaka chino, musadikire lamya ija. Konzani kalata yanu yotsekera ndi fomu yanu yosungira mwezi womaliza usadafike.

Bambo Wapampando, ndaona Mlembi akuyang'ana wotchi. Ngati pali mafunso ndiyankha pa nthawi ya tiyi. Aphunzitsi athu, ngati masamu aja ndakhoza, ulemu ndi wanu.